Kuchokera ku Chipata Kupita Kugombe: Mmene Mungasankhire Kolowera Masiku Akakhala Ochepa

Mnzanga wina anandipeza ku msika wa Kapata foni ili m'manja, n'kuyamba kundionetsa mchenga woyera wa ku Zanzibar. Ankafuna kupitako ndi mayi a kunyumba ndi ana awiri pa tchuthi cha Isitala. Nditamufunsa kuti ali ndi masiku angati, anati anayi. Ndinamuuza mosapita m'mbali kuti masiku anayiwo akathera pampando wa basi, ndipo akadzafika pagombe adzangonyowetsa mapazi n'kutembenuka. Zimene ndalemba panozi ndi zomwe tinakambirana tsiku limenelo, kuphatikizapo zina zimene ndinaziphunzira nditapsa nazo ndekha.

Choyamba, tsegulani kalendala musanatsegule zithunzi

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mchere. Gombe lililonse la mchere lili kwa eni ake, ndipo kulikonse n'kutali. Kwa ife a kum'mawa kuno, lapafupi ndi la Mozambique: mudzere ku Katete, mutuluke pa Chanida, mutsike mpaka ku Tete, kenako Chimoio, ndiye Beira. Ulendo umenewu ndi wa makilomita pafupifupi 1,000, ndipo munthu wanzeru amagona panjira. Ku Dar es Salaam ndiye kutali koposa. Sitima ya TAZARA imayenda makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi, ndipo kuti mukafike ku Kapiri komweko muyenera kuyamba mwatha makilomita oposa 550 a ku Lusaka. Njanji ya Chipata–Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010, ndi ya katundu wopita ku doko la Nacala, musaiwerengere.

Lamulo langa ndi ili: popita pasapitirire tsiku limodzi, pobwera chimodzimodzi, ndipo pagombe mugone mausiku osachepera awiri. Ngati malo amene mwawalakalaka sakukwanira pa masamu amenewa, asungireni tchuthi chachitali cha Disembala. Ndi masiku atatu kapena anayi, yankho lili kuseri kwa malire a pa Mwami, ku nyanja ya Malawi.

Ena amaderera akamva zimenezi, amati imeneyo si nyanja yeniyeni. Amene amatero sanaimepo pamchenga wa ku Senga Bay m'mawa, kuyang'ana kutsidya osaona mtunda. Nyanja imeneyi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Mafunde alipo, mchenga ulipo, zilumba zilipo. Madzi ake saluma m'maso, ndipo mukatuluka simufunikanso kukasamba kuti muchotse mchere. Chinanso, kumeneko mukalankhula chilankhulo chanu chomwechi ndi wogulitsa nsomba, n'kumvana bwinobwino pa mtengo.

Za nyanja zathu za m'dziko muno ndingonena mwachidule. Siavonga ndi yabwino kwa anthu a ku Lusaka, koma kwa ife ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi kachidutswa, ndiponso mu Kariba simusambidwa chifukwa cha ng'ona. Samfya ili ndi mchenga woyera wokongola pa Bangweulu, Mpulungu ili pa Tanganyika, koma zonsezi kuchokera ku Chipata n'zozungulira kwambiri.

Chachiwiri, funsani mwezi ndi mphepo

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Tchuthi chathu chachitali cha pakati pa chaka, Lolemba ndi Lachiwiri loyamba la Julayi, pamene timakumbukira ngwazi ndi umodzi wa dziko, chimakopa kwambiri chifukwa masiku anayi amagundana. Koma Julayi ndi mtima wa mwera. Mwera ndi mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imawomba panyanja m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kupitirira. Ikayamba imatha masiku angapo osaleka. Asodzi eni ake amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde.

Ineyo ndinapita ku Salima chaka china pa tchuthi chomwechi, nditalonjeza ana kuti tikakwera boti kupita ku kachilumba. Masiku onse atatu mafunde ankachita kubangula, mchenga ukulowa m'maso ndi mu nsima, ana ali m'majuzi. Mnyamata wina wa boti anati atitenga ndithu tikamuwonjezera ndalama. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde chapafupi anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, anawa ndi anu?" Ndinamva, ndipo botilo sitinakwere. Kuwonjezera apo, pa 6 Julayi ndi tsiku la ufulu wa Malawi, choncho malo ogona amadzaza ndi eni dziko.

Ngati mulibe kuchitira mwina koma kupita nthawi ya mwera, sankhani gombe lobisika. Cape Maclear inayang'ana chakumpoto ndi kumadzulo, ndipo mapiri ali kumbuyo kwake amaitchinga, motero madzi amakhala odekha pamene ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota kukuwinduka.

Nthawi imene ndimaikonda ine ndi kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, mvula itangotha, mapiri akadali obiriwira, komanso Sepitembala ndi Okutobala. Mu Okutobala kunyanja kumatentha kwambiri kuposa kuno kumtunda, koma madzi amakhala bata ndi oyera, moti nsomba mumaziona pansi. Tchuthi chathu cha ufulu cha pa 24 Okutobala chikagundana ndi Loweruka ndi Lamlungu, ndiye mwapata. Chenjerani ndi pa 15 Okutobala: ku Malawi ndi tsiku la anakubala, ndipo mabasi ndi malole amakhuthulira anthu kunyanja, makamaka ku Salima ndi ku Mangochi. Ngati mumakonda chikhamu ndi nyimbo, pitani tsiku limenelo. Ngati mukuthawa phokoso la mu msewu wa Umodzi Highway ku Chipata kuno, lizembeni. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano n'chimodzimodzi, mitengo ya zipinda imakwera.

Nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ili ndi mavuto ake. Mitsinje imathira matope m'nyanja, udzudzu umachuluka, ndipo milatho ya msewu wa M5, umene umayenda m'mbali mwa nyanja, imakokoloka kawirikawiri. Kugombe la Mozambique ndiyonso nyengo ya namondwe: Idai anasakaza Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy anapha anthu ambiri kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023.

Chachitatu, onani amene mukupita nawo, ndiye musankhe tauni

Senga Bay ndiye poyambira. Kuchokera ku Chipata kukafika pa Mwami ndi mphindi makumi atatu, kenako msewu wa M12 kudutsa Mchinji ndi Namitete mpaka Lilongwe, ndiye M14 makilomita pafupifupi 100 kutsikira ku Salima, n'kuwonjezera ena 20 kufika pamadzi. Mukanyamuka mbandakucha, ndipo pamalire pakapanda kuchedwetsa, nkhomaliro mukadyera pagombe. Wopanda galimoto amakwera tekisi mpaka pamalire, ina mpaka pa boma la Mchinji, minibasi ya ku Lilongwe, ndiye ina ya ku Salima. N'zotopetsa koma zimatheka tsiku limodzi. Kwa banja la ana aang'ono kapena lotenga agogo, kuno ndiye koyenera, chifukwa chipatala, mabanki ndi msika zili pafupi pa Salima. Malo ogona alipo a mitundu yonse, kuyambira hotela yakale ya Livingstonia mpaka tinyumba totsika mtengo ta m'mudzi. Pali kachilumba kamene kamaonekera pagombe, kodziwika ndi abuluzi akuluakulu, ndipo chapafupi pali malo osungirako nyama a Kuti, kumene ana angaone mbidzi. Choipa chake n'chakuti ndi kumene a ku Lilongwe onse amathawira Loweruka, ndiye bata musaliyembekezere kwambiri.

Cape Maclear, imene eni ake amaitcha Chembe, ndi ya amene ali ndi masiku anayi ndipo akufuna kulowa m'madzi kwenikweni. Ili kutali ndi Salima, kufupi ndi Monkey Bay, ndipo muwonjezere maola awiri kapena atatu pa ulendo wa ku Senga Bay. Njira zilipo ziwiri: kutsata M5 kuchokera ku Salima kulowera kum'mwera, kapena kudzera ku Dedza n'kutsika phiri lokhotakhota lopita ku Golomoti. Njira ya phiriyi ndi yokongola zedi, koma mabuleki akhale abwino ndipo musaitsike usiku. Mudziwu uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa cha tinsomba ta mbuna tamitundumitundu. Mukakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi n'kuvala galasi loonera pansi pa madzi, mumaona tinsomba tabuluu ndi tachikasu tikukuzungulirani ngati nkhuku zoona chimanga. Anyamata a boti amaponya nsomba m'madzi n'kuimba mluzu, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha. Kulowa m'dera la paki kumalipiritsa, ndipo inu mudzalipira ngati mlendo wakunja, ngakhale mutalankhula Chichewa chomveka bwanji.

Okonda mbiri akaone manda a amishoni pafupi ndi mudziwo. Apa ndi pamene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Ndipo ngati mwadzera M5, musapitirire pa Mua osaima. Pa Mua pomwepo, ku Kungoni, kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, yokhala ndi zigoba za gule wamkulu zambirimbiri. Munthu wozolowera Kulamba ku Mkaika kapena Nc'wala ku Mtenguleni adzapezako zambiri zozidziwa, ndi zina zomwe sanazionepo.

Dziwani kuti Chembe ndi mudzi wa asodzi, wa anthu ambiri. Malo ogona ali pakati pa nyumba za anthu, ndipo m'mawa pagombe pamakhala amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, ana akusambira, usipa uli pathandala. Ine zimenezi zimandisangalatsa. Koma ngati mayi a kunyumba akuyembekezera gombe lopanda munthu ngati la pa chithunzi, auzeni zoona musananyamuke.

Pakati pa Monkey Bay ndi boma la Mangochi pali mahotela akuluakulu okhala ndi gombe laolao, maiwe osambiramo ndi kapinga. Ndi abwino kwa ongokwatirana kumene kapena kwa amene thumba lawo ndi lolemera, ndipo palibenso zambiri zoti ndinene.

Nkhotakota ndi ya munthu wofuna kugona tulo ndi kuwerenga buku. Gombe lake ndi lalitali, anthu ochepa. M'tauni muli mtengo wa mkuyu umene amati David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, wogulitsa akapolo uja, ndipo mpunga wa kumeneko ndi wonunkhira. Kuchokera ku Salima ndi makilomita oposa 100 kulowera kumpoto.

A ku Lundazi ndi ku Chasefu masamu anu ndi ena. Simuyenera kutsikira ku Chipata. Tulukirani pa Lusuntha, mulowe msewu wa M1 cha ku Jenda, mukwere ku Mzuzu, ndiye mutsike makilomita pafupifupi 50 kufika ku Nkhata Bay. Kumeneko gombe ndi lamiyala, madzi akuya ndi oyera, anthu ake Atonga, ndipo Chitumbuka chanu chidzakuthandizani. Mchenga weniweni uli chakum'mwera pang'ono, ku Chintheche ndi ku Kande. Ku Nkhata Bay kumaimanso sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo imapita ku chilumba cha Likoma. Koma Ilala imabwera kamodzi pa sabata kulowera mbali iliyonse, ndipo nthawi saisunga kwenikweni. Pa tchuthi chachifupi ingoijambulani ili padoko.

Mukasankha, sankhani tauni imodzi. Kufuna Senga Bay ndi Cape Maclear pa masiku atatu ndi zija amati mapanga awiri avumbwitsa.

Ngati mtima wakakamira pa mchere

Pezani sabata yathunthu. Beira ndi mzinda wa doko, gombe lake la Macuti lili ndi nsanja yakale younikira zombo ndi nsomba zokoma, koma madzi ake ndi odera chifukwa cha matope a mtsinje wa Pungwe. Madzi obiriwira a pa zithunzi aja ali ku Vilankulo, moyang'anana ndi zilumba za Bazaruto, ndipo kumeneko ndi tsiku linanso la msewu. Ndalama ndi metical, chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, ngakhale ku Tete Chinyungwe chimamveka ndithu kwa ife, ndipo Chisena cha ku Beira mungatolemo mawu. Kumpoto, chigawo cha Cabo Delgado chili pa nkhondo kuyambira 2017, choncho Pemba muisiye kaye. Ku Zanzibar, amene angakwanitse akwere ndege kuchokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka, ndipo adziwe kuti kuyambira Okutobala 2024 mlendo aliyense amakakamizidwa kugula inshuwalansi ya boma la kumeneko. Nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo magombe ena madzi akaphwa amathawa mtunda wautali. Funsani za zimenezi musanalipire chipinda.

Chachinayi, mapepala, ndalama ndi mafuta

Nzika ya Zambia sifunika viza polowa m'Malawi, koma pasipoti ikhale yamoyo, ndipo mwana aliyense akhale ndi yake. Border pass imene timagwiritsa ntchito pokaona abale ku Mchinji musaidalire pa ulendo wa kunyanja. Ngati kholo limodzi latsala, tengani kalata yake yovomereza ndi zikalata za kubadwa kwa ana. Kuyambira kumapeto kwa 2022, pa Mwami maofesi a mayiko awiriwa anaphatikizidwa, ndiye mumaima malo amodzi m'malo mwa awiri.

Wopita ndi galimoto atenge white book (chikalata cha umwini wa galimoto), laisensi, kalata ya apolisi yosonyeza kuti galimoto si yakuba, ndi inshuwalansi yogwira ntchito kutsidya. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira m'Malawi ndi ku Tanzania, koma ku Mozambique mudzagula ina pamalire. Galimoto ikakhala ya kuntchito kapena ya m'bale, pakhale kalata ya mwini wake. Pamalire adzakupatsani chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi. Chisungeni ngati diso, chifukwa pa rodibuloko iliyonse adzachifuna, ndipo pobwerera muyenera kuchibweza.

Thirani mafuta odzaza thanki ku Chipata konkuno. M'zaka zapitazi Malawi wakhala akusowa mafuta mobwerezabwereza, mizere ya galimoto n'kumagona pa filing'i siteshoni. Imbirani foni munthu wa kumeneko sabata yomwe mukunyamukayo kuti mumve mmene zilili. Apanso Senga Bay ili ndi mwayi: galimoto yaing'ono yosamwa kwambiri ingathe kupita ndi kubwera ndi thanki imodzi, pamene ku Cape Maclear mudzafunika kuthira panjira.

Ndalama zonse ziwiri dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali. Ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu imasintha msangamsanga, choncho mtengo umene mnzanu anakuuzani chaka chatha ndi nthano chabe. Mukamva "faivi sauzande" ya mbale ya chakudya musadzidzimuke, ndi ya kwawo. Osintha ndalama a pamalire manja awo ndi achangu. Njira yotetezeka ndi kubanki kapena ku bureau, ndipo kulikonse kumene mwasinthira werengani nokha kawiri musanapereke zanu. Tengani ndalama zogwirika, chifukwa ku Chembe ndi m'midzi ina ya m'gombe makadi sadalirika. Mukafika ku Lilongwe kapena pa Mchinji gulani simu ya TNM kapena Airtel ya kumeneko, kulembetsa kwake amafuna pasipoti.

Chachisanu, imbani foni musanatumize ndalama

Safunsa anadya phula. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri moti malo ogona ambiri ku Mangochi ndi ku Salima anataya gombe lawo, ena madzi analowa m'zipinda. Zithunzi za pa intaneti zambiri zinajambulidwa izi zisanachitike. Ine ndinalipirapo chipinda chifukwa cha chithunzi cha mchenga wotambalala, n'kukapeza matumba a mchenga ataunjikidwa pakhonde, madzi akumenya khoma. Choncho apempheni akutumizireni kanema wa pa WhatsApp wojambulidwa tsiku lomwelo, woonetsa gombe ndi chipinda chimene mudzagonemo.

Afunseninso ngati ali ndi jenereta kapena sola magetsi akazima, ngati mabedi ali ndi maneti, ngati mtengo ukuphatikiza chakudya cha m'mawa, ndiponso ngati Loweruka limenelo kuli ukwati kapena phwando la kampani, chifukwa zikatero zokuzira mawu zidzalira mpaka tambala. Funsani ngati amalola kuphika nokha. Banja la anthu asanu limapulumutsa ndalama zambiri likatenga ufa, mbaula ndi mapoto, n'kumagula chambo, kampango kapena usipa kwa asodzi m'mawa. Lipirani kachigawo kokha, zotsalazo mukafika.

Pamadzi penipeni

Musasambe pafupi ndi bango kapena pamathiriro a mtsinje, ndi kumene ng'ona ndi mvuu zimakhala, ndipo madzulo kukayamba mdima tulukani m'madzi. Funsani eni mudzi malo osambira, amadziwa. Boti lopanda majekete oyandamitsa musakwere, ngakhale atakuchotserani mtengo. Ambiri a ife a kumtunda kusambira kwathu ndi kwa pa dambo, ndiye mowa ndi madzi akuya zisakumane. Amayi, chovala chosambira n'cha pagombe la pa loji. Polowa m'mudzi kapena kumsika mangani chitenje, makamaka ku Mangochi ndi ku Nkhotakota kumene kuli Asilamu ambiri.

Likodzo lilipo m'nyanja ya Malawi, makamaka m'madzi odekha a pafupi ndi midzi, kumene kumakhala nkhono zonyamula tizilombo take, ndipo Cape Maclear ndi amodzi mwa malo odziwika nalo. Tizilomboti timalowera pakhungu ndipo munthu samva kanthu tsiku limenelo. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kumwa mutangotuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa amapha nyongolotsi zikakula. Lembani pa kalendala tsiku limene munasamba komaliza, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 pitani kuchipatala ndi banja lonse, mukawauze kumene munali kuti akuyezeni ndi kukupatsani mlingo woyenera kulemera kwa aliyense. Wina akatentha thupi m'masabata awiri oyamba mutabwerako, ameneyo musadikire naye, akayezetse malungo tsiku lomwelo.